Nsapato za Lwando Ndazitsekera

Okondedwa Malume Zwelethu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Qonce. Kuno tilipo, koma mlongo wanga Lwando anagundidwa mutu pa ragibi Loweruka. Adokotala atamuveka magalasi apakompyuta oonetsa bwalo ngati lenileni pofuna kumuyeza, Lwando mpira ankangouphonya, uku akudzandira. Iye n'kumati, "Sisi, makinawa ndi abodza, ine ndili bwinobwino!" Ataona chithunzi cha ubongo wake, adokotala alamula kuti apume.

Kochi akumufunabe pa fainolo. Nsapato zake ndazitsekera m'sutikesi, kiyi ndavala m'khosi. Andide, zilibe kanthu, m'bwalo salowamo.

Iye sakukumbuka, koma Lachiwiri anandifunsa katatu kuti bambo abwera liti. Malume, bokosi la maliro a bambowo munanyamula nawo chaka chatha. Bwerani mudzalankhule naye.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Nomvuyo