Korona ndi 1903

gulu: mfuti ya Kavee

LACHITATU

Eckhard 09:14
[chithunzi]
ndi zitatuzi aise. zonse zachoka pa mfuti zakale za asilikali. sankha chimodzi ndiyambe, mpope wa mfuti yako wa 404 wafika kale

Kavee 09:31
ine ndikungoona zitsulo zadzimbiri kkkk

Eckhard 09:33
ndie mlenje wamkulu wakhoza mayesoyu? zimenezo ndi ma akishoni, mtima wa mfuti man. mpope ndi thabwa logwirira ndiika zatsopano, koma chokoka chipolopolo n'kuchikankhira mu mpope ndi chimenechi. njati ikakudzera icho n'kukana, achemwali ako akagule maluwa

Uazuva 09:40
pakamwa pako Eckhard. mng'ono wanga ndi mmodzi yemweyu

Eckhard 09:41
pepani achemwali

Eckhard 09:44
chakumanzere ndi cha ku Czech, cholimba, koma wina anachiboola ngati ataledzera. chapakati sindichikhulupirira, chitsulo chake n'chofewa. tamverani chakumanja
[voice 0:08] (chitsulo chikutseguka, chikutsekeka) wamva? ngati mpeni mu batala

Kavee 09:46
eish. chimenecho basi. wachitola kuti?

Eckhard 09:49
ku farm, m'bokosi lija la kudenga, pomwe tinkabisala tikaba nyama youma ya adadi. ndi mphatso. za ndalama usayambe n'komwe, amayi ako anandibereka kumsana ine

Uazuva 10:20
jambula pafupi. a laisensi afuna nambala

Eckhard 10:26
[chithunzi]
nambala ili m'mbalimo. pamwambapo ndi korona ndi chaka basi

Uazuva 10:28
1903?

Uazuva 10:29
thabwa lake lilipo? jambulanso

Eckhard 10:37
[chithunzi]
lafumbwa, lotaya ili

Uazuva 10:39
pa kachitsulo kozungulira kali pa thabwapo palembedwa K.S.
K.S. ndi chani Eckhard

Uazuva 11:15
ndikuona wawerenga

Eckhard 11:32
chizindikiro cha asilikali a mfumu ya ku Jeremani omwe anali kuno. inali ya agogo awo a adadi

Uazuva 11:33
omwe anatithamangitsira Aherero ku mchenga wa Omaheke n'kutseka zitsime. 1904. ndimaphunzitsa ana zimenezi chaka ndi chaka, ndimangofuna unene ndi pakamwa pako

Eckhard 11:36
iwo ankangosamalira akavalo. kwathu timadziwa choncho

Uazuva 11:37
banja lililonse lachijeremani kuno agogo awo ankangosamalira akavalo. ndie ankawombera ndani? akavalowo?

Kavee 11:50
achemwali plz

Uazuva 11:51
iwe khala chete. ukufuna kuyenda m'tchire utakumbatira chinthu chomwe chinaloza agogo ako

Kavee 11:58
chitsulo sichidziwa munthu. alendo anga oyamba odzasaka akubwera mu May, sindingawaperekeze kwa njati ndi mfuti yobwereka. ndabwereka moyo wanga onse

Uazuva 12:03
chabwino. koma mfuti isanalire imayamba yaonekera ku moto wa makolo, ukudziwa. galimoto yako yomwe inapita. ndie ukawauze wekha abambo aakulu chomwe ukufuna akaonetse azimu. Lachisanu ndikaweruka tinyamuke

Eckhard 12:10
sindinaganize. ndinangoona chitsulo chabwino, ndinafuna chabwinocho chipite kwa iwe

Eckhard 12:44
achemwali?

LACHISANU

Eckhard 14:05
ndikhoza kufunsa cha ku Belgium kwa mnzanga wa ku Joni. koma mapepala a pa boda, mwina chaka

Kavee 15:12
tili pa msewu. tadutsa Okakarara, network itha posachedwa. usachite kanthu kaye

Eckhard 15:13
wakwiya?

LOWERUKA

Eckhard 08:02
mwafika bwino?

Eckhard 09:47
ndawafunsa amayi za bokosi lija. angoti zogona zisiye zigone, n'kukweza wailesi

Eckhard 11:20
[voice 1:02] Kavee, ndine. Mpope wakale uja ndauchotsa, ndiye ndinauloza ku dzuwa n'kusuzumira. Aise, mkati mwatha. Mizere yonse yozunguza chipolopolo yadyeka, mwangosalala. Ukudziwa ntchito yanga ndi imeneyi, sindingadzinamize. Mfuti ya munthu wosamalira akavalo sidyeka chonchi. Iyi inalira, inalira kwambiri. Ndakhala pansi pa simenti pano, sindikudziwa kuti ndikuuze chani. Chithunzi cha agogo aja chili pa khoma kwathu, amayi ako ankachipukuta Lolemba lililonse.

Eckhard 13:05
yankha ngakhale kunditukwana

Eckhard 16:48
[voice 0:51] Ndakonza. Sindikanatha kugona nazo. Korona uja ndi chaka ndapera pa makina, ndasalaza mpaka ukudziwona nkhope. Nambala ya boma yokha ndasiya. Thabwa ndawotcha kuseri, kachitsulo ka K.S. ndakaperanso, kangokhala ngati batani. Palibe chatsala cha munthu uja. Ndi chitsulo chabe tsopano, choyera, chako. Achemwali asadandaulenso, palibe angadziwe.

Eckhard 16:50
[chithunzi]
taona

LAMULUNGU

Kavee 10:06
aise ndakwera pa thanki ya madzi, kuli ka network ka mzere umodzi. ma voice ako ndi chithunzi sizikutseguka, zikungozungulira. sindinakwiye

Kavee 10:07
za amayi ako ndi wailesi yawo kkkk, asiye. mvera izi

Kavee 10:15
[voice 2:10] Eckhard, sukhulupirira. Dzulo m'mawa ndinagwada pa moto paja. Abambo aakulu ndinawauza zonse, korona, chaka, K.S., dzina la agogo ako. Ukudziwa maso awo anafa, ndiye sudziwa ngati akukuyang'ana. Kenako anaseka, mpaka kutsokomola. Akuti, chitsiru iwe, mu Ogasiti ku Okahandja, pa mwambo wokumbukira makolo, ndimavala chani? Ndati yunifomu. Akuti ya ndani? Ndati ya Ajeremani. Akuti ukuyesa timawakonda? Ukagwetsa mkango umavala chikopa chake kuti anthu aone wafa ndani. Akuti majekete tinawalanda kalekale, koma mfuti sinabwerepo pa moto uno ndi imodzi yomwe. Kenako anasiya kuseka. Anayamba za agogo awo omwe anawalera, omwe anawoloka mchenga uja ali kamtsikana atabereka mlongo wawo wakhanda. Khandalo anakalisiya pansi pa mtengo likupumabe. Akuti mpaka kufa kwawo gogoyo ankafunsa kuti kodi anthu aja anali ndi mayina? Ndiye akuti bwera nayo. Ndikawaitane agogo pa moto ndiwauze kuti nayi, yabwera yokha, yagwada, ili m'manja mwa mdzukulu wanu.

Kavee 10:18
ndinalira man. osauza munthu

Uazuva 10:31
ndakweranso pa thanki, ndi diresi, anthu akundiseka. Eckhard ine maganizo anga sanasinthe, ndikanakonda chikanaponyedwa m'chimbudzi. koma moto si wanga

Uazuva 10:33
anena chinthu chimodzi, ndipo abwereza katatu. chibwere ndi dzina lake. korona, chaka, zilembo zija. akuti azimu sawerenga mapepala, akufuna achizindikire

Uazuva 10:34
kachitsulo ka K.S. ukakachotse bwinobwino, kakaikidwe pa thabwa latsopano

Kavee 10:36
akuti poti saona, adzachipapasa ndi chala. andifunsa ngati zilembozo n'zakuya. ndati n'zakuya, Eckhard amasamala zinthu

Kavee 10:37
ndie usapukute kwambiri dzimbiri pamenepo

Eckhard 10:52
[uthenga wafufutidwa]

Eckhard 10:53
[uthenga wafufutidwa]

Kavee 10:55
ukufufuta chani kkkk. wachita manyazi? akuti nawenso ubwere Loweruka likudzali. akuti mwana wa adani yemwe wabweza mfuti amwe nawo mkaka wosasa. aitana ndi abale a ku Otjinene omwe, ng'ombe yasankhidwa kale

Eckhard 10:58
Kavee mvera kaye voice yanga

Kavee 10:59
sizikutseguka ndakuuza. batire 4%. ndikutsika, mphepo ikufuna kundigwetsa

Eckhard 11:00
usawauze za Loweruka

Eckhard 11:00
Kavee

Eckhard 11:02
achemwali muli pompo?

Eckhard 12:40
ndayesa kuimba kasanu

Eckhard 14:15
ndafufuza mu phulusa. ndasesa pansi pa makina. ndi fumbi lokhalokha

Uazuva 15:48
tafika Okakarara, tikuthira mafuta. abambo aakulu tawasiya atulutsa yunifomu, akuti ndikaigulire mabatani atsopano. phulusa lake liti?

Uazuva 15:49
dikira zikutseguka

Kavee 15:57
ndamva

Eckhard 15:58
ndimafuna kukuchotsera. ndinayesa mwakhala chete chfkw simukufunanso kundiona

Kavee 15:59
ndinati usachite kanthu

Eckhard 16:01
ndikudziwa

Eckhard 16:04
ndikhoza kuzokotanso. ndili ndi zithunzi, korona ndi manambala ndimatha, pofika Lachinayi chikhala ngati momwe chinalili. ndi chala sangasiyanitse

Uazuva 16:06
ukufuna tikanamize munthu wosaona pa moto wa makolo ake

Eckhard 16:06
ayi

Uazuva 16:07
agogo ako analemba ndi zipolopolo, iwe wafufuta ndi makina, mawa ulembenso ndi dzanja lako. kwanu kufufuta simutopa nako eti

Eckhard 16:09
sindinabise. ndakuuzani ndekha zomwe ndaona mu mpope

Uazuva 16:10
watiuza, n'kuwotcha umboni tsiku lomwelo. "palibe angadziwe." mawu ako

Eckhard 16:21
Kavee nena kanthu

Eckhard 16:35
cha ku Czech chija ndikhoza kutseka mabowo. May ufika uli ndi mfuti, ndikulonjeza

Kavee 16:41
za May zisiye

Kavee 16:43
mkulu uja wadikira kuchokera ali mwana. m'mawa uno amayeserera mawu oti akawauze agogo ake, ndamumva kuseri kwa khola. ine sindikamuuza

Uazuva 16:45
inenso ayi

Uazuva 16:52
Loweruka ubwere Eckhard, monga akuitanira. njira ukuidziwa. utenge chitsulocho mmene chilili, osalembapo kanthu. ukachiike wekha m'manja mwawo, ukhale pompo mpaka chala chawo chimalize kufufuza

Eckhard 16:53
akulemba...

Eckhard 16:58
akulemba...

yawerengedwa 16:52