Zotsatira za Mayi Esinati

Lachiwiri, Febuluwale. Mvula sinakate, ndipo mumtimamu muli zii.

Pulogalamu imene ndinalembera kachipatala kathu sisankha njira. Kaya ndi lamya ya waya, kaya foni ya m'manja, imapempha zotsatira ku labu ya m'tauni n'kupitiriza ntchito zina osadikira yankho. Ndinkanyadira zimenezi.

Netiweki inasowa chiyambire mvula. Lero yabwerera, ndipo zotsatira za magazi a Mayi Esinati, wodwala wathu wa ku Chiwalo, zalowa zokha. Tinawaika m'manda Loweruka.

Namwino wayang'ana kompyuta nthawi yaitali n'kundifunsa, "Achimwene, makinawa simunawauze kuti kuli maliro?"

Ndamuyankha kuti sindinaikemo malo a zimenezo. Palibe chokonza, pulogalamuyo yagwira bwino ntchito. Pa dzina lawo payaka kachizindikiro kobiriwira, ndipo mpaka pano kakuyakabe.