Yohane Sadya Kapenta

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kanyama mvula yatha, madzi aphwa pakhomo, ndipo chibwabwa chanu chakuseri chija, nkhwani wanu uja, chayanga mpaka kwa aneba. Esnati, mkazi wa Yohane, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Mchombo unagwa kalekale koma dzina alibe, chifukwa womutcha ndi bambo wake, ndipo bambo wakeyo sitikudziwa kumene ali. Ndikulemba mtima ukuwira, Amayi, mundikhululukire.

Mwana wanu mukumudziwa. Pa kantemba kake, kasitolo ka mafoni kaja, munthu akabwera wopanda chitupa, Yohane ankamulembetsera simu pa chitupa chake. Yanu ijanso inali m'dzina lake. Munkamuuza kuti, "Iwe Yohane, chifundo chinapha nkhwali," iye n'kumangoseka. Tsono akuti imodzi mwa masimuwo inaimbira anthu oipa akunja. Anabwera masanasana, amuna anayi pa galimoto yopanda nambala, n'kumunyamula ngati thumba la makala. Akuti ndi chigawenga. Yohane yemweyo, amene amathawa nkhuku ikamaphedwa.

Ndinamuona kamodzi kokha, kupolisi, tsiku lachitatu. Diso limodzi linali litatsekeka ndi kutupa, ndipo anaima atakolowekera manja pa zitsulo chifukwa mapazi ankakana kuponda pansi. Sanatilole kulankhulana. M'mawa mwake anali atamusamutsa. Kukhoti sanapite nayeko. Loya amene mpingo unatipezera anam'bweza pakhomo. Ofesi iliyonse yankho ndi limodzi: "Ba sisi, iyi ni nkhani ya chitetezo cha dziko, yendani ku nyumba." Ndi dziko lanji limene lingagwe chifukwa ine ndadziwa kumene mlongo wanga akugona? Ngati analakwa, amuimike pagulu mlanduwo tiumve tonse. Ngakhale wopha munthu abale ake amamuona.

Kenako mayi wina wa kumpingo anandilozera nyumba ya mpanda wautali kutauni, imene akuti amatsekeramo anthu ogwidwa motere. Mlonda wapageti sanavomere, sanakane, anangolandira bakuli langa. Mwambo wake ndi wofanana ndi wa kuselo za apolisi: wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha, kuopa kuti wathiramo mankhwala. Ndinkalawa, iye n'kulowa nalo, n'kulibweza lopanda kanthu, lotsuka bwinobwino. Miyezi iwiri ndakhala ndikupanikizana m'minibasi tsiku ndi tsiku, n'kumadzitonthoza kuti mwana wanu akudya.

Kutsukako ndiko kunayamba kundisowetsa mtendere. Yohane anatsukapo mbale liti? Ndiye Lachiwiri lapitali ndinaphika nsomba za kapenta dala. Mukukumbuka mmene munathamangira naye kuchipatala ali wamng'ono, khosi litatupa, akubanika, atangodyako pang'ono. Chiyambire pamenepo ngakhale fungo lake salifuna. Ndinati ngati alimo, abweza.

Bakuli linabwera lotsuka. Nditafunsa, mlondayo anati, "Badya vonse, bakuti mubweletse futi mailo," ati ndibweretsenso mawa lake. Ndinamuyang'ana pakamwa pake ponyezimira mafuta, ndipo ndinafuna kumulavulira.

Mwina m'nyumbamo mulibe Yohane, ndakhala ndikunenepetsa anthu omwe anamumenya. Mwinanso alimo, ndipo njala yamufikitsa podya chinthu chimene chingamuphe, chophika ine mlongo wake. Amene akudziwa zoona ali phee m'maofesi mwawo. Ndimadana nawo, Amayi, ndipo m'busa anene zonena zake. Esnati sindinamuuze, akuyamwitsa.

Ndafunsa amoyo onse andikana, ndiye ndikufunsa inu. Ngati Yohane wafika kumeneko, bwerani kumaloto mundiuze, titulutse mipando panja timulire ngati munthu. Mumufunsenso dzina la mwanayu.

Ngati sanafike, ndikukulonjezani kuti mawa ndibwerera pageti paja wopanda bakuli, ndikakhala pansi pomwepo mpaka andionetse nkhope yake. Chiliza chanu chiyambe chadikira. Sitiika mwala pamanda panu ana anu tisanakwane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dailesi