Malo a Moni wa Atate

Petauke,
14 Novembala 2013.

Okondedwa alamu a Chisanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ngakhale sindinamvepo kuti munthu wodya anyani amadwala chiyani. Ife odya mbewa kuno dzuwa latiwamba, mvula ikungotinamiza ndi mitambo. Kalatayi ndapatsira a Vitalis, kondakitala wa basi ya ku Kitwe, ndipo ndawauza kuti aipereke m'manja mwanu kuntchito, osati kunyumba. Foni ndaipewa dala, poti foni yanu imakhala m'manja mwa mlongo wanga Ezelina kuposa mwanu. Muwerenge kaye muli nokha.

Atate ali m'chipatala ku Nyimba. Anagwa kudimba kumayambiriro kwa mwezi uno akuthirira ndiwo, ndipo a dokotala akuti ndi sitiroko. Mbali ya kumanja yonse yafa, pakamwa papotoka, mawu satuluka. Maso okha ndiwo akuyenda. Amatsatira aliyense wolowa pakhomo la wodi, akaona kuti si amene akumufuna amabwerera kudenga. Lolemba a dokotala anandikokera pambali n'kundifunsa ngati pali ana ena amene ali kutali. Nditavomera, anati ndi bwino aitanidwe. Sindine mwana, ndinamva zimene ankatanthauza.

Koma amai akaniratu kuti Ezelina auzidwe. Mwakhala mukumva nokha akaimba foni Lamlungu. Akafunsa kuti atate ali kuti, amai amayankha mosaphethira n'komwe kuti ali kudimba. Yankho limeneli linali loona ulendo womaliza atate ali bwino, ndiye amai angoligwiritsa, amangolibwereza. Tsiku lina ndinawatsatira kumpopi wa chipatala kumene ankatsuka mbale.

“Amai, Ezelina ndi mwana wawo. Afunika adziwe.”

“Azaziwa akabeleka,” anatero osandiyang'ana. “Munthu ali na pathupi sauzidwa vinthu va so. Iwe Kalisto uziwa lini. Waiwala mwamene inachokela mimba yake yoyamba?”

Sindinaiwale, ndipo inu simungaiwale kuposa ine. Komanso amai sakulankhula zongomva. Pothawa nkhondo kwathu ku Mozambiki anali ndi pathupi pa mwana amene akanakhala mkulu wathu. Munthu wina anawapeza panjira n'kuwauza mosabisa kuti achimwene awo aphedwa. Mwanayo sanafike ku Zambia. Ndiye munthu wotere ungamutsutse ndi pakamwa pati?

Chiyambire tsiku limenelo sindikukhazikika, alamu. Ndikakhala kushopu ku Petauke mtima uli ku Nyimba. Ndikafika ku Nyimba, ndikhala pang'ono pambali pa bedi, miyendo yayamba kale kuyabwa. Makondakitala a minibasi andizolowera moti sandifunsanso kumene ndikupita. Chimene chandigwira kuti ndisapenge ndi laputopu yanga yakale ija mumaitcha mbale yowotchera mbewa.

Mukudziwa kuti ndimadyera mavidiyo a makwaya ndi maukwati. Panopa ndili ndi vidiyo ya kwaya ya ku Msanzala, ndipo ndikamaikonza chithunzi chimangoima n'kudumpha, amayi ovina ngati akunjenjemera ndi malungo. Chaka chatha ndinalowa m'gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana amene amalemba dalaivala yaulere ya makompyuta ngati yangayi, aliyense ali kwawo, kukumana pa intaneti basi. Ndikufotokozereni pang'ono, poti inu a magetsi a kumgodi mumangodziwa waya wofiira ndi wakuda.

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini. Dalaivala ndi pulogalamu yoima pakati pa kachipangizoka ndi mapulogalamu ena, ntchito yake kunyamula uthenga uku ndi uku. Kachipangizoka kakamagwira ntchito kamalemba timalipoti pafupipafupi: pano ndatanganidwa chonchi, pano ndachedwa chonchi. Timalipotito timagwera m'kankhokwe kakang'ono, ndipo pulogalamu yoyeza liwiro imabwera kudzatenga kudzera kwa dalaivala, n'kujambula mzere woonetsa mmene zinthu zikuyendera. Ine ndinkafuna mzere umenewu undiuze pamene vidiyo yanga ikutsamwa, koma unkangodumpha mopanda mutu.

Ndinafufuza ndili pakhonde la wodi, laputopu pamiyendo, mpaka ndinachipeza. Ntchito ikachuluka pulogalamu ija imachedwa kudzatenga, kankhokwe kamadzaza, malipoti atsopano n'kufufuta akale. Dalaivala imangopereka otsalawo ngati palibe chachitika. Ndiye kuti malipoti amatayika nthawi yeniyeni imene kachipangizo kakuvutika kwambiri.

Ndinakonza mwamsanga, ndipo ndinadzitama. Ndinalemba kuti paliponse pamene malipoti asowa, dalaivala izibwereza lipoti labwino lomaliza mpaka atsopano afike. Mzere uja unasalala bwinobwino, wosadumphanso. Ndinathamangira kumsewu waukulu kwa amayi ogulitsa nthochi, kumene netiweki imagwira bwino, n'kutumiza. Amene amayang'anira gawo limeneli ndi mayi wina wa ku Finland. Nkhope yake sindiidziwa, koma palibe cholowa mu dalaivala iye asanavomere. M'mawa mwake anayankha, wopanda ngakhale moni:

“Vuto mwalipeza ndithu, koma kukonza kwanu sindikulandira. Malipoti mwabwerezawo kachipangizo sikanalembe, mwalemba ndinu. Ngati ena atayika, dalaivala inene kuti pano patayika. Pulogalamu ikadziwa zimenezo imatha kubwera msanga ulendo wotsatira, kapena kupempha nkhokwe yaikulu. Mukaiuza kuti zonse zili bwino, sifunsanso kanthu.”

Ndinapsa mtima, alamu. Ndinati mayi ameneyu analeredwa kuti, woyankha munthu ngati akudula nzimbe? Nditafika kunyumba ndinamufotokozera mkazi wanga Olipa nkhani yonse, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iye ankasita yunifolomu ya mwana wathu Faith. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaimika simbi n'kuseka.

“Awisi Faith, ndimwe mwana wa amai anu zoona. Manje na kompyuta mwaiphunzisa kukamba ati ali kudimba?”

Palibe anandiuza kuti ndikonze motero. Manja anga analemba okha, chifukwa kwathu uthenga woipa timaufunditsa nsalu tisanaupereke, ndipo ine ndinkaona ngati ndi ulemu. Ndinatuluka panja, ndinazungulira nyumba, ndinalowanso, Olipa akungondiyang'ana.

Ndinalembanso. Tsopano kankhokwe kakadzaza, dalaivala imaika kachizindikiro pamalo pomwepo konena kuti pano malipoti atayika, kenako n'kupitiriza ndi amene alipodi. Sipeka kanthu. Nditayesa pa vidiyo ya kwaya, mzere unatuluka wonyansa, mipata yokhayokha, koma mipatayo inaunjikana malo amodzi, pamene ndinaika mawu a nyimbo oyenda pansi pa chithunzi. Chinthu chimene chinandizunza mwezi wathunthu ndinachiona nthawi yomweyo. Dzulo mayi wa ku Finland uja analemba kuti walandira, ndipo ntchito yanga ilowa mu dalaivala imene anthu adzagwiritsa ntchito kumaiko kumene ine sindidzapondako. Ndinkaganiza kuti tsiku lotere ndidzavina pamsewu. Ndinangotseka laputopu n'kukwera minibasi ya ku Nyimba.

Ndinapeza amai akupukuta atate kukamwa ndi kansalu. Ndinagwada pafupi nawo n'kuwauza kuti ndikulemberani kalata inu alamu, ndipo sindibisa kanthu. Anapitiriza kupukuta, anakonza pilo, anapinda bulangete limene linali lopinda kale. Ine ndinadzuka. Ndili pakhomo ndinamva akundiitana.

“Kalisto. Ngati Ezelina abwela, asabwele yekha. Na basi ikagwedeza maningi, aseluke apumuleko.”

Si chilolezo chenicheni, koma ndi chimene ndili nacho.

Ndikuopa, alamu, sindikubisirani. Ezelina akamva, china chake n'kumuchitikira iye kapena mwanayo, amai sadzandiyang'ananso kumaso, ndipo ine sindidzadzikhululukira. Koma akapitiriza kumva za kudimba mpaka tsiku limene tidzamuitanire maliro, ndi iyeyo amene sadzatikhululukira tonsefe. Ndayesa kuyeza ziwirizi m'minibasi, popita ndi pobwera, ndipo sindinapeze chopepuka. Chimene ndikupempha ndi ichi. Muyambe mwapita kwa anamwino amene amamuona kusikelo, muwafunse ngati angayende ulendo wautali. Mupemphe tchuthi kuntchito. Mukamamuuza pakhale mayi wina wamkulu pafupi, monga a Consolata oyandikana nanu aja, osati inu nokha ndi manja anu a waya.

Mawu oyambira musavutike nawo. Mukudziwa mmene amachitira kalata ikachokera kuno. Nkhani zanga alibe nazo ntchito, amati Kalisto amalemba ngati wailesi, amangoti mumuwerengere moni. Ndiye mumukhazike pansi, mumuwerengere mmene ndalemberamu, osadumpha mzere, osawonjezera. Adzafunsa yekha.

Ezelina mlongo wanga, landira moni wochokera kwanu.

Amai akuti uzidya, usamanyamule madzi, ndipo akusungira mtedza wa chaka chino. Olipa akuti nsalu yoberekera wagula kale, yobiriwira, ukaikana ndi yake. Faith akuti mwanayo akakhala wamkazi azigona naye, akakhala wamwamuna mumusunge komweko ku Kitwe. A kwaya ya kutchalitchi kwathu akufunsa kuti mawu ako apamwamba aja unapita nawo kuti. Ine mlongo wako ndakusowa kwambiri.

Pano ndi pamene pamakhala moni wa atate, uja wa nthawi zonse, wakuti anyani akakutopetsa ubwere, mbewa zilipo. Ndikanatha kuulemba, ndimaudziwa pamtima. Koma ulendo uno sananene. Ndinawerama pakhutu pawo n'kuwauza kuti ndikulembera Ezelina, ndinene chiyani? Anandigwira ndi dzanja lamanzere mwamphamvu, analimbana nthawi yaitali, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

“Ze.”

Zotsalazo zatayika. Ndasiya malo ake, udzamve wekha.

Ndine mlamu wanu ndi mlongo wako,
Kalisto.