Kathumba ka Nyemba Zanu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo.

Ndakumbukira tsiku lina ndili mwana, tikuchokera kuchigayo ku Nsaru. Munanditwika kadengu ka ufa, ine n'kumadandaula njira yonse kuti kakundipweteka pamutu. Munaima, n'kumasula kansalu komwe munamanga m'chiuno, n'kukazunguliza kukhala nkhata. "Katundu sakhala pafupa," munatero. "Umupatse pofewa, akhazikika yekha." Ndinakafika kunyumba osagwirizira ndi dzanja.

Nkhani zakuno ndi izi. Mvula yagwa bwino, chimanga chabereka, koma mtedza wa amalume wagwidwa ndi khate. Denga la khitchini yanu lagwa mbali imodzi. Tadala, mwana wanga woyamba uja, wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndinamunyamula, azimayi akululutira, ine n'kumadikira kuti mumtima muchitike kanthu, koma simunachitike. Ndinangoona kuti kuwala kolowera pawindo n'kokwanira, ndipo ndinamujambula. Ndi mmene ndakhalira chikuikireni m'manda. Ndimadya, ndimagona, ndimapita kuntchito, koma zonse ndimaziona ngati zikuchitikira munthu wina.

Nkhani yovuta ndi ya mlongo wanga Esinati, poti sitikulankhulana. Mwambo wa maliro utatha, iye anapita kukatsegula mtsuko umene munkasungamo mbewu ya nyemba, zoyera za madontho ofiira zija munalandira kwa agogo ku Kabudula, zosapezeka pamsika uliwonse. Anapeza mumtsuko mulibe kanthu. Iye anati azimayi ophika pamaliro anazitenga ngati ndiwo, ndipo amene ankatsogolera zophika anali mkazi wanga, amake Tadala. Anawauza pamaso pa anthu kuti, "Alamu, mwatidyetsa mbewu ya amayi pamaliro awo omwe." Chiyambire tsiku limenelo Esinati sanapondenso pakhomo pathu. Ngakhale khanda lija sanabwere kudzaliona.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija munkaitcha yosuzumira anthu: kujambula vidiyo pamaukwati, makwaya ndi pomanga ziliza. Choimikira kamera cha miyendo itatu chija chinathyoka mwendo ku Mpingu, mphepo itachigwetsa. Masiku ano ndimangogwira kamera m'manja, zithunzi n'kumagwedera. Mkwati wina ataonera vidiyo yake anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ukwati wathu unachitikira m'minibasi?" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, poti ndimo zimakhalira.

Pamenepo m'pamene ndinaganiza za nkhata yanu ija. Ndinati kamera nayonso ndi katundu, ndiipangire kathumba kofewa koti izikhazikikapo. Nsalu ndinali nayo. Pogawana katundu wanu, amalume anandipatsa phukusi la chitenje chanu chobiriwira chija, amvekere, "Iwe suvala, koma usunge." Linakhala pamwamba pa kabati miyezi yonseyi osalimasula. Nditalimasula ndinapeza muli nyemba zotuwa ndi phulusa. Ndinazikhuthulira m'beseni, n'kupita ndi chitenjecho kwa telala.

Mwayamba kale kuseka, eti? Inu mukudziwa zimene munachita mutayamba kudwala, kuzichotsa mumtsuko n'kuzimanga m'nsalu kuti zikhale pafupi ndi mphasa yanu. Ine mutu sunagwire. Ndinangoona nyemba zotuwa basi.

Telala anasoka nsalu ziwiri zophatikiza kuti kalimbe, n'kuika zipi mbali imodzi. "Pilo wamng'ono chonchi ndi wa ndani, bwana? Wa mphaka?" anandifunsa. Ndinayamba ndi mchenga. Unalemera ngati njerwa, ndipo fumbi linkatuluka m'nsalu n'kumalowa pagalasi la kamera. Chimanga chinali ndi ngodya zambiri, kamera inkapendekeka. Gaga anapepuka, koma ankangophwa, ndipo makoswe anamupeza msanga. Pomaliza ndinakumbukira beseni lija. Ndinazipeta pang'ono n'kuzithira, osadzaza kwambiri, kuti zizitha kusuntha m'katimo. Amayi, kamera inakhala phee. Nyemba zimapatsana malo, zimatsata mmene chinthu chakhalira. Ndinkakaika pakhoma, pawindo la tchalitchi, pachishalo cha njinga yamoto, ngakhale pachulu. Palibenso anadandaula.

Mlungu wathawu ndinali ku Nambuma kujambula kwaya ina pathanthwe. Nyimbo ili pakati, mvula inabwera mwadzidzidzi. Ndinabisa kamera m'jekete n'kuthawira pansi pa mtengo, kathumba n'kutsala pathanthwe pomwepo mpaka mvula inakata. Ndinakaponya m'bokosi la panjinga kali chonyowa, ndipo ndinakaiwala.

Amake Tadala ndi amene anakapeza dzulo, akufufuza chomwe chinkanunkha chinyezi. Anabwera nako m'manja, timizu toyera titatulukira mumsoko. Atatsegula zipi anakhuthulira zonse palichero. Madzi anali atatsuka phulusa lija. Zinali zoyera, za madontho ofiira.

"Bambo a Tadala, mukuziona bwino nyemba izi?"

Ndinati ndikuziona. Anakhala pansi pakhonde, lichero lili pamiyendo. Kenako anati, "Ndiye ine ndinaphika chiyani?" Sanakweze mawu. Anangoyamba kusankha, zowola uku, zamoyo uku.

Zambiri zinali zitawola. Zotsalazo zinali zitamera kale, ndipo mukudziwa kuti nyemba yomera siibwerera m'mtsuko. Ikapanda kulowa m'nthaka msanga, yafa. Ife pano pamsika tilibe pobzala kupatula kabwalo kouma kakuseri, komwe nkhuku za aneba zimafukula chilichonse. Nthaka yomwe nyembazi zimaidziwa ndi ya kudimba kwanu, ndipo dimbalo lili m'manja mwa Esinati.

"Muimbireni mlongo wanu," anatero amake Tadala.

Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso, sanayankhe. Ndinajambula lichero lija ndi foni n'kumutumizira chithunzi popanda mawu aliwonse, poti sindinadziwe choti ndilembe. Sipanapite nthawi, foni inalira.

"Achimwene, mwazipeza kuti?"

Ndinamufotokozera zonse, za phukusi, za telala, za mvula. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Koma sanakalipe.

"Ndiye mbewu ya amayi yakhala ikuyenda m'maukwati a eni ake, kamera itaikhalira?"

"Eya."

"Inu ndinu munthu wodabwitsa." Kenako anafunsa kuti, "Zamoyo zilipo zambiri bwanji?"

"Zodzaza manja awiri."

"Musaziike padzuwa. Muzikulunge m'chiguduli chonyowa pang'ono, osathyola timizuto. Mubwere mawa m'mawa, mudzandipeza kudimba nditakonza kale mizere."

Ndinati chabwino. Ndinkati ndidule foni, iye n'kuwonjezera kuti, "Alamu abwere nawo. Inu simudziwa kubzala, mukwirira mozondotsa." Amake Tadala anamva, chifukwa anali pafupi. Anadzuka kukafuna chiguduli.

Kathumba kaja ndakachapa, kali pachingwe. Ndidzathiramo nyemba zapamsika. Sindikudziwa ngati zanuzi zigwira, zafooka kwambiri. Sindikudziwanso zomwe akazi awiriwa akauzane akakumana pamzere umodzi. Ine ndikadali chimodzimodzi, mumtima muli zii, koma ndapopa kale matayala a njinga.

Tsalani bwino kumeneko, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale sindinkadziwa kunena. Ndikulonjeza kuti mawa ndigwada pansi, ndibzala nawo ndi manja anga, ndipo ndichita zimene Esinati andiuze.

Ine mwana wanu,
Lemekezani