Ndigulitse Patrawu ndi Ganyu kuti ndigule pulaka ya vidiyo?

Aphungu,

Choyamba mubise dzina langa, ngakhale kubisako n'kungotaya inki, chifukwa ku Malowera konse kuno munthu wosunga komputadolo m'nyumba yaudzu ndine ndekha. Wowerenga aliyense adzangoti, "Uyu ndi mwana wa a Laura, wapakamwa uja." Palibe kanthu, bisani basi.

Ndili ndi zaka 23. Sikola ndinalekezera setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Aprofesolo ankati ndimasokoneza anzanga ndi nthabwala, ine ndinkati anzangawo ndiwo amandisokoneza ndi kuseka, ndiye tinangosiyana mwamtendere. Koma musandione choncho, ntchito ndili nayo. Ndimajambula mavidiyo a makazamentu, maukwati amenewo, mabatizimu ndi makwaya a kutchalitchi. Ndikajambula ndimabwera kunyumba kudzadula, kulumikiza, kuikamo nyimbo ndi timaluwa touluka, poti kuno vidiyo yopanda timaluwa touluka mkwatibwi sailandira. Ndikamaliza ndimaichepetsa kwambiri kuti ikwane pa kakatawu ka memoriya, kakhadi kolowetsa m'foni kaja, chifukwa anthu anga ambiri amaonera pa tibombinya, timafoni tamabatani tija. Azakhali a mkwati amaika kafoniko pamphuno n'kumafuula, "Ndine uyu! Ndine uyu!" pomwe ndi mbuzi ikudutsa kumbuyo kwa kwaya.

Komputadolo yanga ndi yogwiritsidwa kale, anandipezera msuweni wanga Adilson amene amakhala mu mzinda wa Tete. Magetsi ake ndi painelo imodzi ya dzuwa, yolembedwa 150 kumbuyo, ili padenga la kanyumba kanga, ndi bateriya ya kamiyawu, chigalimoto chonyamula katundu chija. Bateriya yomweyo amayi amatchajirapo mafoni a anthu, tsiku lina khumi, tsiku la msika kupitirira apo.

Vuto langa ndi ili. M'mawa makinawa amagwira ntchito ngati mkamwini watsopano. Ndimadula, ndimalumikiza, zonse bwinobwino. Masana ndimawauza kuti aphike vidiyo yonse ikhale imodzi, ndipo kuphikako kumatenga maola. Ikangokwana kinzi ola, 3 koloko masana, mthunzi wa mtengo wa mango ukamakwera padenga, ndimangomva tswii! Zazima. Tsiku lililonse nthawi yomweyo. Komputadolo imeneyi inachokera mu ofesi, ndiye ndikuganiza kuti inazolowera kuweruka. Vidiyo ya kazamentu ya mnzanga Ilídio ndi mkazi wake Elsa ndinajambula mu Ogasiti, lero ndi Okutobala sinatulukebe. Elsa tsopano ndi woyembekezera, ndipo dzana anandiimitsa pachigayo anthu ali gwa n'kundifunsa kuti, "Alamu, vidiyo ija ituluka tsiku limodzi ndi mwanayu, kapena mwana atsogole?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma m'kati munawawa.

Nditamudandaulira Adilson pa foni anati, "M'bale wanga, chakusowa ndi pulaka ya vidiyo. Ndi kachipangizo kolowa m'mimba mwa komputadolo, ntchito yonse ya zithunzi kamagwira ndi iko. Ukagula yamphamvu, vidiyo ya maola asanu imapsa usanamalize kusamba." Ndinakwera pachulu pomwe timapezera rede, netiweki ya foni ija, ndinatentha mamega a sabata yonse kuonera anyamata akunja akuonetsa mapulaka awo. Aphungu, zinthu zokongola! Zimapepesera mphepo ndi timapiko titatu, zimayaka zofiira, zobiriwira, ngati tchalitchi pa Khirisimasi. Mtima wanga unatsala pachulu pompo.

Adilson anakafunsa ku loja ina, sitolo ya makomputadolo, mu mzinda. Yamphamvu imene ndinailoza akuti mili 85, ndiye kuti 85 sauzande, ndipo ati pali mkulu wake wodula kuposa apo. Ndinafunsa kuti, "Mili 85 imeneyo n'pamodzi ndi lojayo ndi mlonda yemwe?" Akuti ayi, pulaka yokha, yaikulu ngati njerwa.

Tsono pakhomo pathu pali ng'ombe ziwiri zolimira. Ina ndinaitcha Patrawu, ndiye kuti bwana, chifukwa imadya kwambiri n'kumasiyira inzake goli. Inzakeyo ndi Ganyu. Agogo ake a ng'ombezi anabwera nawo malume anga a Estêvão pochokera ku Zambia kothawa nkhondo, anayenda nawo pansi ali kathole. Nditasiya sikola, malumewo ananditengera kukhola n'kunena kuti, "Poti bukhu lakukana, izi ndi zako, uziziona." Mawu akuti "ndi zako" ndinawamva ndi makutu anga awiri, ndipo onse ndi abwinobwino.

Pali bambo wina dzina lake Jossias, amagula ng'ombe n'kumapita nazo ku Tete pa kamiyawu. Waziona, wati zonse ziwiri apereka mili 70. Yotsalayo ndili nayo yanga. Akubwera Loweruka la sabata yamawa, ndipo akuti ndi ulendo womaliza chaka chino, chifukwa mvula ikagwa msewu wathu suyendeka mpaka Epulo.

Nditawauza amayi sanakalipe. Anangopitiriza kusankha mtedza wambewu n'kufunsa kuti, "Pulaka yakoyo imakoka shaluwa?" Shaluwa ndi khasu la ng'ombe lija. Ndinati ayi. "Nanga ngolo? Tsiku lija mlongo wako Paula atadwala, inamutengera kuchipatala ndi pulaka?" Ndinati, "Amayi, imakoka ndalama." Iwo anati, "Chabwino. Ndiye mu Novembala uidzutse m'mawa, munda wa kutsidya ndi waukulu." Malume nawo anangoti, "Ndinati uziziona, mphwanga. Ukazikweza kamiyawu uziziona bwanji?"

Ine maganizo anga ndi oti ndikakhala ndi pulakayo ndizimaliza vidiyo tsiku lomwelo, ndizigwira makazamentu khumi pamwezi, chaka chamawa ndiwagulire amayi ng'ombe zinayi, ina ndidzaitche Pulaka kuti azikumbukira. Chaka chino chokha alime ndi khasu lamanja, inenso ndiwathandiza, ngakhale msana wanga ndi khasu sizigwirizana kwenikweni.

Ndikuuzeni zoona pang'ono, Aphungu. Kuyambira ndili mwana anthu amandiitana akafuna kuseka. Ntchito ya vidiyoyi ndiyo yokha imene munthu wamkulu amandivulira chipewa n'kunena kuti, "Amisiri, tikufuna mudzatijambule." Sindikufuna mawu amenewo athe chifukwa cha makina oweruka kinzi ola.

Funso langa ndi ili: kodi mtengo wa mapulaka amphamvuwa ndi wachilungamo, kapena akungotidyera? Kanthu konga njerwa kangafanane ndi ng'ombe ziwiri zamoyo ndi mchira womwe? Ngati ndi wachilungamo, Loweruka ndikweza Patrawu ndi Ganyu mtima uli m'malo. Ngati n'kuba, ndipatseni mawu okanenerera ku loja, poti pakamwa ndili napo kale, pakungosowa mfundo.

S.B., Malowera

*

Iwe S.B.,

Kalata yako yandiseketsa mpaka tiyi kundipalira, koma ng'ombe zisakwere kamiyawu. Ndayamba ndi zimenezo kuti ngakhale utatopa kuwerenga, zikhale zitalowa.

Za makina si zanga, ndiye ndinamuonetsa kalatayi mdzukulu wanga Berta, amene ntchito yake ndi kukonza makomputadolo. Pa funso lako la mtengo, mbali ina ndi wachilungamo. Kanjerwa kameneko kupanga kwake n'kovuta, mafakitale okapanga ndi ochepa padziko lonse, ndipo kasanafike ku loja kadutsa panyanja, kalipira alufandega, msonkho wa pamalire uja, wa loja naye waikapo yake. Koma mbali ina usanamizidwe. Mapulaka a pamwamba penipeni amawaikira mtengo anthu amene safunsa mtengo: makampani akuluakulu amene akulimbirana zipangizo zoterezi, ndi anthu olemera osewera magemu. Ogula akachuluka, opanga ali ochepa, mtengo umakwera kuposa ntchito yake. Berta akuti nthawi zambiri ukawirikiza ndalama kawiri, liwiro siliwirikiza kawiri, limangoonjezekera pang'ono. Ndiye si kuba kwenikweni, koma si mtengo wopangira iwe. Kunenerera sikungathandize, wa loja sadzatsitsa ndi ng'ombe yathunthu chifukwa cha nthabwala zako.

Tsopano tamvera. Berta anawerenga kalata yako kamodzi n'kunena kuti, "Agogo, mnyamatayu wadziyankha yekha." Komputadolo yako simaweruka ayi, imafa ndi njala. Walemba wekha kuti imazima mthunzi wa mango ukafika pa painelo, pomwe bateriya yayamwidwa kale ndi mafoni khumi a amayi ako. Pulaka yamphamvu ikamagwira ntchito imadya mawatsi 300 kapena kupitirira, yokhayokha, pomwe painelo yako yonse dzuwa lili paliwombo sipitirira 150. Ukanaigula, makina ako akanasiya kuzima kinzi ola, akanayamba kuzima ukangowauza kuti aphike. Mwinanso komputadolo yakale ya mu ofesiyo sikanailandira n'komwe. Ukanakhala ndi njerwa yokongola, khola lili pululu.

Ndiponso tandiuza, ukoma wonse wa pulakayo ukanapita kuti? Iwe wemwe umaichepetsa vidiyo kuti ilowe m'kabombinya. Azakhali aja akanapitirizabe kulozera mbuzi. Za makazamentu khumi pamwezi, iwe ukudziwa kuposa ine kuti kwanuko anthu amakwatitsa akakolola. Mvula ikagwa aliyense ali kumunda, msewu watsekeka, pulaka ikanagona miyezi isanu.

Chita izi. Mtengo wa mango usaukhudze, zipatso zili pafupi kupsa ndipo amayi ako sangakukhululukire. Tsitsa paineloyo uikhomere pamtanda pabwalo pomwe dzuwa limakhala mpaka madzulo, ndipo uziipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Ukhale pansi ndi amayi mugawane bateriya: tsiku lophika vidiyo, mafoni a anthu adikire. Zodula ndi kulumikiza uzimalizira dzulo lake, kuphika kuziyamba naini koloko m'mawa, osati masana. Vidiyo yaitali uiphike m'zigawo, tchalitchi payokha, madyerero payokha, ndipo uiphike yaing'ono kuyambira pachiyambi poti ndi yaing'ono imene anthu ako amaonera. Tsegula makinawo uwapemerere fumbi. Yambira vidiyo ya Elsa, sabata ino, ukaipereke wekha pamanja.

Ndalama yako ija uli nayo, ikwanira painelo yachiwiri ndi bateriya yabwinoko. Chaka chamawa ntchito ikachuluka, Adilson akufunire pulaka yaing'ono yogwiritsidwa kale, yosadya magetsi ambiri, koma munthu wodziwa ayambe waona komputadolo yako. Usalipire chinthu chimene wangochiona pa chithunzi cha pa foni. Wogulitsayo aiyatse pamaso pa Adilson, igwire ntchito ola lathunthu.

Za ng'ombezo, makutu ako ndi abwinodi koma anamva theka. Malume akauza mphwawo kuti "ndi zako, uziziona", amamuika kukhala woyang'anira za mbumba: amayi ako, Paula, ndi ana amene Paula adzabereke. Munthu amene aprofesolo anamulephera, a Estêvão anamupatsa khola limene anayenda nalo pansi kuchokera ku Zambia. Ukufunafuna ulemu wa chipewa, mwana wanga, pomwe unapatsidwa kale wina waukulu, ndipo waugwira bwino zaka zonsezi. Ng'ombe zowonda Jossias sakanazilondola mpaka kwanu.

Chenjera ndi mawu akuti "ulendo womaliza". Wogula aliyense amatero kuti usagone nazo maganizo, ndipo amadziwa kuti ng'ombe yolimira ikagulitsidwa mu Okutobala, mwini wake ndiye wapanikizika. Jossias adzabweranso mu Epulo, koma munda wa kutsidya ukaphonya mvula yoyamba, chaka chonse chapita, ndipo mudzadya chimanga chogula.

Loweruka akafika, umulandire bwino, umupatse mpando ndi madzi akumwa, umuseketse mmene umachitira. Patrawu ndi Ganyu akhale ali kudambo. Akafunsa za malonda, umulozere paineloyo ili pamtanda padzuwa, umuuze kuti amisiri ali pa ntchito, kinzi ola yakwana ndipo makina sanaweruke.

Aphungu