Tisa wamwa madontho a poliyo

Bundabunda, Chongwe

Wokondedwa mwana wanga Lameki,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Kodi bala la opareshoni linapola kumeneko ku Mangalande? Kuno atate ako ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Pepala limene adokotala a kumeneko anatipatsa ataika impso yako mwa mng'ono wako Yohane ndimalisunga m'Baibulo. Aphunzitsi anandiwerengera kawiri. Limati khanda la m'nyumba mwake lisalandire katemera wa poliyo wa madontho, chifukwa tizilombo take timatulukira m'chimbudzi cha mwana, ndipo thupi la Yohane silingadziteteze.

Lachiwiri ndili kumunda, atcheyamani a chipani anayenda khomo ndi khomo kuona makhadi a sikelo. Mlamu wako, mkazi wa Yohane, anayesa kufotokoza, iwo akuti, "Imwe amake Tisa, pepala la azungu lipose boma? Berekani mwana, tiyeni!" Mlamu wakoyo anachita mantha napita kukamwetsa Tisa madonthowo, osauza munthu. Ndinadziwa Lachinayi nditaona khadi, ndipo masiku awiriwo Yohane ankasintha matewera ndi manja ake.

Yohane ndamusamutsira m'nyumba mwanga, mbale zake ndikuwiritsa. Dzulo thupi linamutentha. Kukiliniki anamwino akuti zotere sanazimvepo.

Chonde thamangira kwa adokotala aja. Kodi pali mankhwala? Akhale masiku angati osagwira mwana? Kalata imachedwa, tumiza telegalamu kusukulu.

Tisa akaona atate ake amatambasula manja, ine nkuima pakati. Ndiuze, mwanawe, ndiime mpaka liti.

Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako,
Esitere